Kodi TV imaphunzitsadi anthu akuluakulu, kapena timangotha magetsi?

Azakhali anga sukulu analekera sitandade 4, koma mukawapeza madzulo akuonera filimu ya chi Nigeria mutha kuganiza kuti ndi loya. Sofa saifuna, amayala mkeka pafupi penipeni ndi sikirini, lichero la chimanga pamiyendo akutong'ola, nde mayi wa mufilimumo akati asaine pepala lomwe alamu ake abwera nalo misozi ya maliro isanaume nkomwe, azakhali amakuwa ngati mwalowa mbava, "Iwe usasaine! Uwerenge kaye mwana iwe, akulanda nyumba amenewo!" Ife kuseka. Koma chaka china bambo wina woyandikana nawo nyumba atamwalira, ndi iwowa anakokera mayi wamasiyeyo kuseri kwa bafa nkumuuza kuti asayerekeze kudinda chala pa pepala lililonse mpaka mwana wake wa ku sekondale aliwerenge mokweza anthu akumva. Sindinawafunse komwe anazitenga nzeru zimenezo, ndinkadziwa kale.

Azakhali omwewanso amakhulupirira ndi mtima wonse kuti aliyense wolemera mwadzidzidzi ali ndi kachipinda kokhoma komwe akusunga njoka yosanza ndalama. Izinso anazitenga komweko.

Nde mkangano umayambira pamenepa. Ena amati TV ndi mafilimu zikuononga anthu, ena amati ayi ndi sukulu yaulere, ndipo pagulu la WhatsApp mkangano umenewu umatha ndi ma sitika basi. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti nkhaniyi anthu akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 50, ku Peru, Mexico, India, Tanzania, Brazil, Joni, ndipo zomwe anapeza sizikomera mbali imodzi yokha.

Poyamba, munthu wamkulu amaphunzira bwanji

Tikamva mawu oti kuphunzira timaganiza za bolodi, choko ndi mayeso. Koma akatswiri a maphunziro a akuluakulu amagawa patatu. Pali sukulu yeniyeni ya satifiketi. Pali maphunziro okonzedwa koma a kunja kwa sukulu, ngati sukulu za kwacha kapena alangizi a zaulimi akasonkhanitsa anthu pa munda wachitsanzo. Kenako pali kuphunzira kongochitika, kwa pa bawo, pa mjigo, mu minibasi, pa maliro. Zambiri zomwe munthu wa zaka 45 akudziwa lero anazitola mwa njira yachitatuyi, ndipo TV imakhala kwambiri muno.

Malcolm Knowles wa ku America, yemwe analemba kwambiri za nkhaniyi cha m'ma 1970, ankati wamkulu si mwana wotalika. Amabwera ndi zake zomwe anaona kale pa moyo, amafuna adziwe chifukwa chake akuphunzira chinthu, amafuna chomuthandiza mawa lomweli osati akadzakula, ndipo amadana nazo zomutenga ngati kamwana. Aliyense amene anayesapo kuphunzitsa bambo ake kutumiza ndalama pa foni akudziwa. Mukangokweza mawu pang'ono, foni yabwerera mthumba, "basi ndikapita kwa ejenti."

Njira yoyamba yomwe maboma anayesa inali yongonyamula kalasi nkuiika pa sikirini. Ku Italy, kuyambira 1960 mpaka 1968, mphunzitsi wa pulayimale Alberto Manzi ankaphunzitsa akuluakulu kuwerenga pa kanema wa boma wa RAI, akujambula zithunzi ndi makala pa mapepala akuluakulu, ndipo boma linakonza malo oonerera pagulu poti ambiri analibe TV. Ku Britain, Open University inakhazikitsidwa mu 1969 nkuyamba kuulutsa maphunziro pa BBC mu 1971 mpaka 2006. Zinathandiza ndithu, koma vuto lake ndi lodziwika, kalasi ya pa TV amaonera ndi munthu amene watsimikiza kale mumtima kuti akufuna kuphunzira. Wina uja wamanyazi, yemwe amati kuongola mtengo mpoyamba ine zanga zinada, amasintha tchanelo.

Sewero lomwe linagulitsa makina osokera

Apa mpomwe nkhani imakoma, chifukwa zinapezeka mwangozi. Mu 1969 kanema wina wa ku Peru anayamba kuonetsa sewero la tsiku ndi tsiku lotchedwa Simplemente María. Ku Latin America masewero otere amawatcha telenovela, omwe aja amayi amathamangira kuphika msanga kuti asawaphonye. Nkhani yake ndi ya mtsikana wakumudzi yemwe wapita mu mzinda wa Lima kukagwira ntchito ya m'nyumba, mnyamata wa kubanja lolemera ampatsa mimba nkumukana, ntchito nkutha. Koma María madzulo aliwonse amakaphunzira kuwerenga kwa mphunzitsi wina dzina lake Esteban, usiku amaphunzira kusoka pa makina a Singer, mpaka pang'ono ndi pang'ono nkukhala telala wotchuka wokhala ndi kampani yake.

Okonza seweroli ankafuna ndalama za otsatsa malonda basi, zophunzitsa munthu analibe nazo ntchito. Koma atsikana antchito za m'nyumba anayamba kulembetsa makalasi a akuluakulu ndi a zosoka, makina a Singer anayamba kuyenda malonda moti kampaniyo inapatsa Saby Kamalich, yemwe ankasewera ngati María, kamakina kagolide kothokoza. Ndipo tsiku lojambula ukwati wa María ndi Esteban pa tchalitchi china mu Lima, anthu miyandamiyanda anafika atatchena, ena ndi mphatso m'manja, ukwati wa anthu oti kulibe.

Munthu amene anakhala pansi nkufunsa kuti chachitika nchiyani apa anali Miguel Sabido wa ku Mexico, wolemba masewero yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya kanema ya Televisa. Iye anati ngati izi zachitika mwangozi ndiye kuti zitha kuchitikanso mwadala. Mu 1975 anatulutsa sewero la Ven Conmigo, la anthu akuluakulu angapo omwe alowa kagulu kophunzira kuwerenga, mkati mwake muli chikondi, nsanje, misozi, zonse zomwe telenovela imayenera kukhala nazo. Boma la Mexico linali kale ndi pulogalamu ya maphunziro a akuluakulu ndi mabuku aulere omwe ankangodya fumbi. Mchaka chomwe seweroli linkaonetsedwa anthu pafupifupi 840,000 analembetsa, kuchulukitsa ka 9 poyerekeza ndi chaka chapambuyo pake. Gawo lina litatchula malo enieni okatengera mabukuwo, mawa lake misewu ya kumeneko mu Mexico City inadzadza osadutsika.

Muone bwino apa, seweroli silinaphunzitse munthu a e i o u. Linangomuchotsa manyazi nkumulozera khomo lomwe linali lotsegula kale. Njira imeneyi ndi yomwe pano amaitcha edutainment, kusakaniza zosangalatsa ndi zophunzitsa, ndipo kunena zoona agogo athu sangadabwe nayo. Padangotero, tili tonse, kalulu ndi fisi, nyimbo pakati, mwana akugona atamva kuti dyera limapweteketsa popanda wina kumuimika pa bolodi. Kusiyana kwake nkwakuti nthano ya Sabido inali ndi adiresi ya ofesi ya boma kumapeto.

Chaona mnzako

Sabido sanangolota, anatsamira pa ntchito ya Albert Bandura, katswiri wa za maganizo a anthu wa pa yunivesite ya Stanford. Mu 1961 Bandura anaonetsa ana munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa, kenako anawasiya okha ndi chidolecho, ndipo ambiri anachimenya chimodzimodzi. Atabwereza pogwiritsa ntchito filimu mmalo mwa munthu wamoyo, zotsatira zinali zomwezo. Koma mbali yomwe anthu amaiwala ndi iyi. Ana ena anaonetsedwa womenya uja akudzudzulidwa, ndipo iwowa sanatengere kwambiri. Atawalonjeza kamphatso kuti asonyeze zomwe anaona, anazichita bwinobwino ngati anzawo. Kutanthauza kuti onse anaphunzira, koma kuchita kapena kusachita kunadalira zomwe anaona zikumugwera munthu uja.

Ife timati chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Bandura anangoziika mu labu.

Nchifukwa chake masewero a mtundu wa Sabido amakhala ndi anthu a mitundu itatu. Pali wabwino yemwe zimamuyendera, pali woipa yemwe mapeto ake amalira, ndipo pali wapakati, wokaikakaika, wofanana ndi iwe ndi ine, yemwe amagwa, kudzuka, kubwerera m'mbuyo, mpaka kusintha. Wofunika kwambiri ndi wapakatiyu, chifukwa munthu wangwiro satiphunzitsa kanthu, timangoti aaa amenewo ndi a kumpingo. Koma ukaona mayi wamantha ngati iwe nomwe akulowa mkalasi koyamba, manja akunjenjemera pogwira pensulo, anzake osamuseka, mumtima umati kani nzotheka. Bandura kudzikhulupirira kotereku ankakuona ngati chinthu chachikulu kuposa kudziwa chabe. Ambiri amadziwa kuti kuyezetsa magazi nkwabwino, chomwe chimasowa ndi mwendo wolowera pa khomo la chipatala.

Pafupi ndi kwathu, Tanzania inayesa izi pa wailesi mu 1993 ndi sewero la Twende na Wakati. Munali dalaivala wa thiraki dzina lake Mkwaju, wa zibwenzi pa siteji iliyonse, ndi mkazi wake Tunu yemwe anatopa nkuyamba kabizinesi kake, Mkwaju nkudzadwala Edzi. Chosangalatsa nchakuti kwa zaka ziwiri zoyamba seweroli silinaulutsidwe dala mchigawo cha Dodoma kuti ofufuza athe kuyerekeza, ndipo anapeza kuti komwe linkamveka anthu ambiri anayamba kulera ndi kudziteteza kuposa ku Dodoma.

Ku Joni kunali Soul City, yomwe inayamba mu 1994. Mu 1999 anapanga nkhani ya nkhanza za m'banja, mphunzitsi wolemekezeka Thabang akumenya mkazi wake Matlakala, aneba akumva koma ali zii poti za m'banja salowerera. Olembawo anapeka chinthu chomwe kunalibe, tsiku lina aneba onse anatuluka ndi mapoto nkuyamba kuwamenya panja pa nyumbayo kuti bamboyo adziwe kuti tikumva. Pambuyo pake m'makomboni ena anthu anayambadi kumenya mapoto akamva mayi akukuwa. Panalinso nambala yaulere yoimbira, komanso lamulo latsopano la 1998 lokhudza nkhanza za m'banja lomwe seweroli linkafotokoza. Khomo lotsegula lija.

Chibale cha mbali imodzi

Nanga bwanji azakhali amakalipira munthu wa pa sikirini? Mu 1956 Donald Horton ndi Richard Wohl analemba za ubale womwe oonera amakhala nawo ndi anthu a pa TV, iwe ukumudziwa mpaka katsokomoledwe kake, iye sakudziwa nkomwe kuti uliko. Zili ngati mmene timachitira ndi osewera mpira a ku England, munthu osadya nsima chifukwa mnyamata wa ku London wavulala bondo.

Ku India sewero la Hum Log litayamba mu 1984 pa kanema wa boma wa Doordarshan, kumapeto kwa gawo lililonse katswiri wa mafilimu Ashok Kumar ankayankhula ndi oonera kwa kamphindi, ndipo anthu analemba makalata pafupifupi 400,000, ambiri olembera anthu a musewerolo mwachindunji, kuwalangiza za ukwati ngati ankhoswe. Kwathu kuno chitsanzo sichisowa. A Michael Usi anafika mpaka pa udindo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, koma kumudzi ambiri amangoti Manganya, dzina la mu Tikuferanji.

Ubale umenewu ndi womwe umanyamula phunziro, ndipo pali kafukufuku mmodzi amene anaonetsa izi bwino. Mu 2012 sewero la ku Joni la Scandal! linalowetsa nkhani ya ngongole kwa miyezi iwiri, mayi wina Maletsatsi watenga katundu wa m'nyumba pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, wayesa juga kuti abweze, zamuthina, mpaka kuulula kwa mwamuna wake nkupeza thandizo. Ofufuza a World Bank analimbikitsa gulu lina kuonera Scandal! ndipo lina kuonera Muvhango yomwe inkaonetsedwa nthawi yofanana. Oonera Scandal! anapezeka kuti achepetsa juga ndi kutenga katundu pa ngongole zoterezi. Mafoni opita ku bungwe lothandiza angongole lomwe nambala yake inkaoneka pa sikirini anachuluka, koma kwa kanthawi kochepa chabe. Anthu anakumbukira Maletsatsi yemwe ankamudziwa kwa zaka, koma uphungu wa mlangizi wa bungwelo, mlendo wongodutsa musewerolo, unauluka. Nzomwe zimachitika ndi katapila kwathu, chikwangwani cha boma chochenjeza sitiwerenga, koma za mlamu wathu yemwe anamulanda firiji timazikumbukira mpaka kale.

Utsi ndi denga

Zonse zapamwambazi ndi maphunziro adala. Koma TV yambiri yomwe timaonera palibe anaikonza kuti itiphunzitse, ndipo imatiphunzitsabe. George Gerbner wa pa yunivesite ya Pennsylvania, cha m'ma 1970, ankawerenga zachiwawa zomwe zimaoneka pa TV ya ku America chaka ndi chaka, nkupeza kuti anthu oonera maola ambiri pa tsiku ankakhulupirira kuti dziko ndi loopsa kuposa mmene lilili, ankaopa kwambiri kuchitidwa chipongwe ndipo sankakhulupirira anzawo. Mfundo yake inali yakuti filimu imodzi siisintha munthu, chimamusintha ndi kubwerezabwereza kwa zaka. Lowani mkhitchini ya maudzu muyang'ane kudenga, mwaye wakuda uja sunabwere ndi moto wa dzulo. Ofufuza ena anamutsutsa kuti mwina anthu okhala m'madera oopsa kale ndi omwe amakhala m'nyumba kuonera TV kwambiri, ndiye chayamba nchiti, ndipo mkanganowo sunathe.

Chitsanzo chomwe chimandidabwitsa ine ndi cha Brazil. Mu 1960 mayi wa kumeneko ankabereka ana 6 kapena kuposera, pofika 2000 anali 2 ndi pang'ono, boma lisanachite kampeni yaikulu ya kulera. Zifukwa nzambiri, anthu kusamukira m'tauni, sukulu, ntchito. Koma ofufuza atatu, Eliana La Ferrara, Alberto Chong ndi Suzanne Duryea, anatsata mmene netiweki ya kanema wa Globo inkafikira madera osiyanasiyana zaka zosiyana, nkupeza kuti komwe yafika amayi ankabereka ana ochepa kuposa komwe sinafike. Masewero a Globo sankalalikira za kulera ayi, kungoti amayi ambiri a mmenemo anali opanda mwana kapena a mwana mmodzi, okongola, a nyumba zabwino. Anapezanso kuti makolo a m'madera amenewo ankakonda kupatsa ana awo maina a anthu a m'masewerowo. Izi nde sitingatsutse, pitani ku sikelo mukamve maina akuitanidwa.

Koma njira yomweyi imadutsanso zabodza. Mu 1996 madokotala ena ku America anawerenga zochitika m'masewero a zachipatala ngati ER, nkupeza kuti odwala 75 pa 100 aliwonse omwe mtima waima ankatsitsimuka akawapopa pachifuwa, pomwe m'zipatala zenizeni opulumuka ndi ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Nde m'bale wa wodwala amafika ndi chiyembekezo cha pa TV, zikakanika amati adokotala achita ulesi. Njoka ya azakhali ija ili mgulu lomweli, ndipo siyoseketsa kwenikweni mukaganiza kuti m'midzi mwathu agogo amamenyedwa mpaka kuphedwa powaganizira ufiti. Mafilimu sanayambitse chikhulupiriro chimenecho, chinalipo kalekale, koma funso loti akuchithirira madzi kapena ayi ndi lomveka.

Palinso vuto lina loti oonera samva zomwe wolemba amafuna. Ku America m'ma 1970 kunali sewero lanthabwala la All in the Family, momwe munali bambo watsankho Archie Bunker, olemba ankafuna anthu azimuseka. Kafukufuku wa mu 1974 anapeza kuti oonera omwe anali atsankho kale ankamuona ngati dolo wonena chilungamo. Wolemba aliyense wa sewero la Edzi amaidziwa nkhawa imeneyi, ukamupanga mkulu wa zibwenzi kukhala woseketsa kwambiri, wa galimoto yabwino, anyamata atengera iyeyo osadikira gawo lomaliza lomwe akudwala.

Chitsanzo chimodzi cha pomwe TV yachisangalalo imaphunzitsadi zilembo zenizeni ndi nzeru ya Brij Kothari wa ku India. Mu 1996 anaganiza zoika mawu a nyimbo za m'mafilimu pansi pa sikirini mchilankhulo chomwecho chomwe akuimba, liwu lililonse likuwala nthawi yomwe likuimbidwa. Munthu wowerenga mogwagwaja, yemwe nyimboyo amaidziwa kale pamtima, maso amatsata okha, nde akuyeserera kuwerenga osadziwa. Doordarshan inayamba kuchita izi pa mapulogalamu a nyimbo. Amene anaphunzira kuwerenga Chichewa potsata buku la nyimbo kutchalitchi amva msanga mmene zimayendera.

Nanga kwathu

Kwathu TV inachedwa. Nthawi yonse ya Kamuzu kunalibe, Television Malawi inayamba mu 1999, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zokhala ndi TV zinali kungopitirira pang'ono 1 pa 10 zilizonse, wailesi 1 pa 3, pomwe foni inali pafupifupi theka la nyumba zonse. Nde sukulu ya Sabido kuno inadzera kwambiri pa wailesi ndi pabwalo. A Chancellor College ankayenda ndi zisudzo m'midzi m'ma 1980, anthu a m'mudzimo nkumalowa nawo museweromo kukambirana za zitsime ndi zimbudzi. Story Workshop inabwera ndi Zimachitika pa MBC kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Tikuferanji inayamba pa wailesi nkudzalowa pa kanema, dzina lokhalo linali funso lomwe anthu ankaopa kufunsa mokweza nthawi yomwe maliro a Edzi anali tsiku ndi tsiku, ndipo Pakachere inali pa ubale ndi Soul City ya ku Joni ija.

Koma kunena chilungamo, sikirini yomwe Amalawi ambiri anakulira si ya pabalaza. Ndi vidiyo sho ya pa tiredingi senta, kachisakasa ka mapepala akuda, mabenchi a slabu, jenereta ikulira kuseri, sipika panja kuitana anthu, mkati fungo la thukuta ndi chimanga chootcha. Ndipo filimu ya chi China kapena chi India ikamayankhula Chichewa, amene akuyankhulayo ndi mnyamata wa pa kompyuta yemwe akumasulira mmene akuonera iye, kuonjezamo nthabwala zake, kutchula malo a kwathu, nthawi zina kusintha nkhani yonse. Ameneyo ndi mphunzitsi wa akuluakulu ngakhale palibe unduna unamulemba ntchito. Zomwe mlimi wa zaka 50 akudziwa za khoti, za apolisi a kunja, za mmene anthu olemera amadyera, zadutsa pakamwa pa mnyamata ameneyo.

Pano zasamukira pa foni. Mayi wa saluni akuonera kalukidwe katsopano pa TikTok kasitomala ali pampando, makanika akuimitsa vidiyo ya YouTube ndi chala cha girisi kuti aone pomwe pali sensa, wina waphunzira kuphika keke ya ukwati bandulo ya usiku. Uku ndi kuphunzira kwa Knowles kwenikweni, munthu akufuna yekha, akufuna lero. Foni yomweyonso ndi yomwe inkazungulitsa mavidiyo onama a katemera nthawi ya Covid.

Zomwe akatswiri akukanganabe

Choyamba ndi kayezedwe. Kafukufuku wambiri amadalira kufunsa anthu, ndipo munthu amene waonera sewero la nkhanza kwa miyezi 6 amadziwa yankho lomwe wofunsayo akufuna. Wasintha khalidwe kapena wangophunzira kuyankha? Robert Jensen ndi Emily Oster mu 2009 anapeza kuti m'midzi ya ku India momwe munafika TV ya kebulo amayi ochepa ankavomereza kuti mwamuna ali ndi ufulu womenya mkazi, koma ofufuza ena atabwereza kuwerengera manambala omwewo anati umboniwo si wolimba choncho. Ngakhale za Dodoma zija ena anafunsa ngati chigawocho chinali chofananadi ndi zinzake poyamba. Ndipo ziwerengero za Mexico ndi za olembetsa, kulembetsa ndi kumaliza ndi zinthu ziwiri.

Chachiwiri, chimagwira ntchito ndi sewerolo kapena macheza a pambuyo pake? Pali oganiza kuti munthu sasintha ali yekha pa sofa, amasintha mawa lake pa mjigo akamakangana ndi anzake ngati Matlakala analakwa kuchoka pa banja. Ngati zili choncho ndiye kuti vidiyo sho ndi wailesi ya pagulu zili ndi mphamvu yomwe foni ya mahedifoni ilibe. Ena akuti ayi, ma comment ndi magulu a WhatsApp ndi mjigo watsopano.

Chachitatu ndi chakuti amasankha phunziro ndani. Paulo Freire wa ku Brazil, yemwe mu 1963 anaphunzitsa anthu pafupifupi 300 kuwerenga ku Angicos m'masiku 45, ankadana ndi maphunziro omwe amatenga munthu ngati nkhokwe yongothiramo chimanga cha eni. Otsatira maganizo ake amati sewero lolipiridwa ndi mabungwe akunja, uthenga wake wosankhidwa mu ofesi ku Lilongwe kapena ku Washington, ndi kuthira komweko koma kothira shuga, ndipo oonera sauzidwa kuti akuphunzitsidwa. Okonza masewerowa amayankha kuti amayamba ndi miyezi yambiri yofufuza m'midzi, kuti otsatsa mowa ndi juga amagwiritsa ntchito njira zomwezi popanda wowafunsa, nde bwanji ya katemera ikhale yolakwa. Apa pakubweranso nkhani ya ndalama, thandizo lakunja likatha sewero limatha, pomwe malonda a kubetcha pa mpira satha.

Chomaliza ndi chatsopano. Nthawi ya Sabido dziko lonse linkaonera chinthu chimodzi 8 koloko madzulo, ndipo ngati chinali chabodza munkadziwa khomo loti mukagogode. Pano azakhali ali ndi foni yawo yomwe mdzukulu anawatumizira kuchokera ku Joni, chomwe aonere chikusankhidwa ndi makina omwe amangoyeza kuti ayang'ana masekondi angati, ndipo mavidiyo ena nkhope ndi mawu ake ndi zopangidwa ndi kompyuta. Kodi zomwe anapeza Bandura ndi Gerbner pa TV ya matchanelo ochepa zikugwirabe pa kavidiyo ka masekondi 30, kopanda munthu wapakati uja woti umutsate kwa chaka chathunthu? Ofufuza angoyamba kumene kuyeza zimenezo. Sabata yatha azakhali ananditumizira kavidiyo ka mayi wina akuphunzitsa kupanga manyowa a mbeya, ndi kena ka m'busa akutulutsa buluzi m'mimba mwa munthu, onse awiri ndi uthenga umodzi pansi pake, "taona izi mwanawe."